Kodi misasa ya mabanja osowa pokhala inayamba bwanji?

Funso: Akonzi, kodi misasa yosungirako mabanja osowa pokhala inayamba bwanji kuno kwathu, ndipo cholinga chake n'chiyani? Mayi wa ku Muloza, Mulanje.

Yankho: Amayi, misasa yambiri m'dera lanu inatsegulidwa mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula nyumba ndi kukokolola minda, zomwe zinasiya anthu oposa 600,000 opanda pogona m'chigawo chakummwera. Mabanja anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, mothandizana ndi mafumu komanso mabungwe, inkagawa ufa, mabulangete ndi mankhwala othira m'madzi popewa kolera. Cholinga chake ndi kusunga banja kwa kanthawi mpaka litapeza malo otetezeka omangapo. Ife tikuona kuti apa m'pamene pavuta kwambiri, popeza ku Mulanje anthu ndi ochuluka ndipo dera lalikulu ndi minda ya tiyi.