Ndikasiya kupalasa, bwanji njinga imaima?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa Fomu 3. Analemba kuti: "Bambo, aphunzitsi athu a physics akuti chinthu chikayamba kuyenda chimangoyendabe ngakhale pasakhale chochikankha. Koma ine ndikasiya kupalasa njinga, imaima. Zoona ndi ziti? Kapena ndingoloweza kuti ndikhoze mayeso?"

Mwana wanga, usaloweze. Zimene waonazo n'zoona, ndipo anthu ophunzira anakhulupirira zomwezo kwa zaka pafupifupi 2,000. Aristotle wa ku Greece ankaphunzitsa kuti chinthu chimayenda pokhapokha pali chochikankha. Anadzatsutsa ndi Galileo Galilei wa ku Italy, yemwe ankagubuduza timipira pa matabwa otsetsereka m'zaka za m'ma 1600, kenako Isaac Newton anaika nkhani yonseyi m'malamulo atatu mu 1687.

Chimene chimatisokoneza ife poyamba ndi mawu. Timati mphamvu za munthu, mphamvu ya magetsi, mphamvu za mfumu, mawu amodzi omwewo. Ndiye tikamva za force timaganiza za chinthu chokhala m'kati mwa njinga, chomwe chimatha pang'onopang'ono ngati mafuta mu thanki. Si choncho ayi. Force ndi kukankha kapena kukoka basi, ndipo nthawi zonse pamakhala zinthu ziwiri: chokankha ndi chokankhidwa. Phazi lako likachoka pa pedulo, kukankha kwako kwathera pomwepo. Komatu njinga siima nthawi yomweyo, imapitabe. Ukanakhala kuti unafunsa Galileo, akanakuuza kuti funso lenileni ndi lakuti: chikuiimitsa n'chiyani?

Zoimitsazo zilipo, kungoti sizioneka. Matayala akukhulana ndi msewu. Ma bearing a m'mawilo akukhulana okhaokha. Mphepo ikukuwomba pachifuwa, n'chifukwa chake malaya amakupiza ukamathamanga. Kukhulana kumeneku ndiko amati friction, ndipo kumakokera njinga m'mbuyo.

Kayesere wekha. Sankha mtengo umodzi m'mbali mwa msewu wa phula, pamalo osakwera osatsika. Palasa, ukafika pa mtengowo usiye, uwerenge mapazi kufika pomwe njinga yaimira. Ukachite chimodzimodzi pa mchenga: siipita patali, imangoti nyomi. Ubwerere pa phula paja, upope matayala alimbe gwa, uthire oyilo m'mawilo, uwerame kuti mphepo isakugwire kwambiri, uone mtunda wake. Ukamachepetsa zotsekereza, mtunda ukutalika. Nanga titazichotsa zonse? Apa m'pamene Galileo anafika ndi maganizo ake: popanda chotsekereza, chinthu choyenda sichingaime. Lero tili ndi umboni wooneka: chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Voyager 1 chinanyamuka pa dziko lino mu 1977, chinadutsa pulaneti ya Saturn mu 1980, ndipo mpaka lero chikuyenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse popanda injini yochikankhira kutsogolo. Kumeneko kulibe msewu, kulibe mphepo.

Limeneli ndilo lamulo loyamba la Newton, ndipo umalimva m'thupi mwako momwe. Minibasi ikamanga mabuleki mwadzidzidzi, umapezeka wagunda mpando wakutsogolo. Palibe wakukankha. Mabuleki aimitsa galimoto, koma thupi lako likupitiriza ulendo womwe linali nawo. Lamba wa pampando ntchito yake ndi yomweyo, kukupatsa chokuimitsa. Ndimakupemphani nonse owerenga, mukaupeza muzimanga.

Pano m'pamene ana ambiri amagwa pa mayeso, ndiye umvetsetse. Ukamapalasa pa liwiro losasintha, kukankha kwako kukungofanana ndi kukoka kwa friction ndi mphepo. Ukaphatikiza zonse, zotsala ndi ziro. Njinga ikuyenda ndithu, koma mphamvu yotsala palibe. Mphamvu yotsalayo, imene m'buku amati resultant force, ntchito yake ndi kusintha kayendedwe: kuwonjezera liwiro, kulichepetsa, kapena kukhotetsa.

Kusinthako kumakula bwanji? Ndilo lamulo lachiwiri, F = ma, pomwe F ndi mphamvu yotsala ija, m ndi makilogalamu a chinthucho, a ndi kusintha kwa liwiro pa sekondi iliyonse. Aliyense amene anakankhapo wilibala amalidziwa: yopanda kanthu imanyamuka msanga, koma ukaikamo thumba la simenti la makilogalamu 50, kukankha komweko kumaiyambitsa pang'onopang'ono. Muyeso wa force ndi newton. Newton imodzi imawonjezera liwiro la chinthu cha kilogalamu imodzi ndi mita imodzi pa sekondi, sekondi iliyonse. Tiyerekeze kuti iwe ndi njinga yako ndinu makilogalamu 70, ndipo kukankha kwako kwaposa zotsekereza ndi ma newton 35. Gawa 35 ndi 70: liwiro lako likukwera ndi theka la mita pa sekondi, sekondi iliyonse. Ukafuna kumva kukula kwa ma newton 10, nyamula paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi m'dzanja. Dziko likuikoka ndi ma newton 9.8, omwe kusukulu timangoti 10.

Lamulo lachitatu ndingolikhudza. Chinthu chikakankha chinzake, chinzakecho chimabwezera mofanana, mbali yosiyana. Tayala lakumbuyo limakankhira msewu m'mbuyo, msewu n'kukankhira njinga kutsogolo. Mphamvu ziwirizi sizifafanizana chifukwa zikugwira zinthu ziwiri zosiyana, ina msewu, ina njinga. Ndipo chimene chimagwiritsa tayala pamsewu kuti zimenezi zitheke ndi friction yomwe ija. Nthawi ya dzinja ukalowa m'matope oterera, upalasa mpaka thukuta, tayala likungozungulira pamodzimodzi n'kumakuwaza matope kumsana, chifukwa lasowa pogwira.

Loweruka likubwerali kachite zoyesera za pa mtengo zija, katatu pa phula ndi katatu pa mchenga, uyesetse kufika pa mtengowo ndi liwiro lofanana. Unditumizire manambala ake, tidzawerengere limodzi kukula kwa mphamvu imene imaimitsa njinga yako.