Mwana wa miyezi itatu kuphonya chikho, kodi ndi vuto la maso?

Achemwali, mwati mwana wanu wa miyezi itatu akamafuna kugwira chikho amaphonya, ndipo nthawi zina diso limodzi limathawira kumbali. Mtima m'malo, pamsinkhu umenewo makanda ambiri amatero.

Khanda likangobadwa limaona bwino pafupi pokha, masentimita 20 mpaka 30, ngati kuchokera pabere kufika pankhope panu mukamayamwitsa. Kuti lidziwe kuti chikho chili pataliko bwanji, maso awiri ayenera kuyang'ana pamodzi, ubongo n'kuphatikiza zimene lililonse laona. Zimenezi zimakhazikika pakati pa miyezi itatu ndi isanu, ndipo dzanja limayamba kulondola chapompo. Wanuyo ndiye wangoyamba kumene sukulu yake.

Mu 1983, akatswiri ofufuza za kakulidwe ka ana, Philip Kellman ndi Elizabeth Spelke a ku America, anaonetsa makanda a miyezi inayi ndodo yobisika pakati ndi kabokosi, nsonga zokha zikuoneka. Nsongazo zikamayendera limodzi, makandawo ankaitenga kuti ndi ndodo imodzi. Ikangoima chilili, sankatsimikiza. Ndiye kuti kuyenda kwa chinthu n'kumene kumamuuza mwana pamene chayambira ndi pamene chathera.

N'chifukwa chake ine ndingati musavutike n'kugula zidole zodula. Tengani chipande, mthiko kapena chikho chomwecho, chotsuka bwino komanso chachikulu choti sangameze. Chiyendetseni pang'onopang'ono pamaso pake, chitembenuzeni aone kumbuyo kwake, chibiseni theka ndi chitenje, kenako mulekeni achigwire, achinyambite. Akakhala maso muzimutsitsako kumsana, agone chafufumimba pamphasa inu mukumuyang'anira. Zomuonetsa zithunzi za pafoni, ndikudziwa ana amatonthola nazo, koma pagalasi palibe choti dzanja lizungulire.

Koma izi musazizengereze. Diso likakhala lopotoka nthawi zonse, kapena likamathawabe atapitirira miyezi inayi, kanenereni kusikelo. Chimodzimodzi ngati sakutsata nkhope yanu ndi maso. Ndipo mukaona koyera pa kamwana ka diso, ngakhale pachithunzi chojambula ndi foni, pitani kuchipatala msanga osadikira tsiku la sikelo, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala kapena khansa ya m'diso. Musadonthezeremo mkaka wa m'mawere kapena mankhwala azitsamba, ngakhale agogo atalimbikira. Ngati muli ku Blantyre, chipatala cha maso cha Lions chili pa Queens pomwepo.