Chikuku cha mwana cha matayala atatu: yambani mwaona matayala, nsalu pambuyo

Pa benchi langa pamabwera mafoni osweka galasi, mawailesi, mafani, nthawi zina ndi makina osokera. Koma mwezi uno anthu atatu andifunsa za chinthu chimene sindinkachiyembekezera: chikuku choyendetsera mwana, chija cha matayala atatu. Ndawayankha pamodzi. Chili ndi tayala, beringi ndi buleki, ndiye ndi ntchito ya mmisiri basi.

Funso: Amisiri, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, mwana wanga wakwanitsa miyezi inayi. Mlamu wanga wa ku Leeds akufuna kunditumizira chimodzi mwa zikuku ziwiri zimene ana ake anasiya. China n'cha matayala atatu akuluakulu opopa, china n'cha matayala anayi ang'onoang'ono apulasitiki. Msewu wofika kwathu ndi wafumbi, dzinja likafika ndi matope okhaokha. Amuna anga akuti cha atatu sichichedwa kugwa. Ndisankhe chiti?

Yankho: Mayi, tengani cha matayala atatucho. Koma musachitenge chifukwa matayalawo ndi atatu ayi. Chitengeni chifukwa ndi aakulu ndipo muli mpweya.

Munayamba mwatulukapo ndi tolole ya m'shopu kupita nayo pamene pathera simenti? Timatayala take tikangokumana ndi kamwala, imaima nji, katundu n'kutsetserekera kutsogolo. Wilibala pa malo omwewo imadutsa osamva kanthu. Tayala laling'ono limagunda mwala m'mbali, lalikulu limaukwera pamwamba. Ndiyeno mpweya wa m'chubu umameza kugwedezeka kumene kukanafika pa msana ndi pa khosi la mwana. Timatayala tapulasitiki tija tinapangidwira misewu ya ku Leeds komweko, ya simenti yosalala. Pa fumbi la kwanuko mchenga umalowa mu ekiselo n'kumapera pulasitiki, tayala n'kuyamba kuyenda mopendama, ndipo likatha simudzapeza lina pafupi.

Cha matayala atatu n'chibale cha njinga yakapalasa. Chinatchuka mu 1984, pamene Phil Baechler, mtolankhani wa ku Yakima m'chigawo cha Washington ku America, anafuna kumathamanga ali ndi mwana wake wamng'ono. Zikuku za nthawiyo zinkalephera pa msewu wosasalala, ndiye anapanga chake cha matayala anjinga, n'kuyambitsa kampani ya Baby Jogger. Mbiriyi ndaitchula dala, chifukwa tanthauzo lake kwa inu ndi ili: bambo aja okonza njinga pansi pa mtengo pa msika angathe kuchikonza. Zambiri zimakhala ndi matayala a mainchesi 16 kumbuyo ndi 12 kutsogolo, zina 12 onse atatu. Amenewa ndi masaizi omwewo a tinjinga ta ana, ndipo valavu yake nthawi zambiri ndi ija yonenepa ngati ya galimoto.

Tsopano za amuna anu. Sanalakwitse kwenikweni. Kutsogolo kuli tayala limodzi, ndiye ngodya ziwiri zakutsogolo zilibe chozichirikiza. Mukawoloka ngalande mopingasa, kapena mukatsika pa khonde mutatsogoza tayala lakutsogolo lokha, kulemera konse kumapita pa tayala limodzilo ndipo chikuku chimapendekera kumbali. Mankhwala ake ndi dzanja lanu: kanikizani chogwirira pansi kuti tayala lakutsogolo linyamuke, mudutse ndi awiri akumbuyo, ndipo ngalande muziiloza molunjika. Pa msewu wamba sichigwa chisawawa, poti matayala akumbuyo ndi otalikirana, masentimita 60 kapena kupitirira. Kugwa kumene ine ndimakuopa n'kwa chagada. Mayi akakoleka jumbo ya ufa ndi botolo la mafuta ophikira pa chogwirira, mwana wopepuka ali m'kati, kutsogolo kumanyamuka. Katundu aziikidwa mu dengu la pansi pa mpando, kumene amathandiza ndithu kuti chikuku chikhazikike.

Musanauze mlamu wanu kuti atumize, mupempheni akujambulireni kavidiyo pa WhatsApp akuchita zinthu zingapo. Choyamba, agoneke mpando. Ichi n'chachikulu kuposa zonse kwa inu, chifukwa mwana wa miyezi inayi khosi silinalimbe. Asanakwane miyezi isanu ndi umodzi ayenera kugona chagada, msana utawongoka. Zikuku zina zopangira othamanga mpando wake sugona mpaka pansi, ndipo mwana wamng'ono akakhala mopindika mutu umagwera pachifuwa, kupuma n'kumavuta. Ngati mpando sugona bwino, chikukucho chidikire kaye miyezi iwiri kapena itatu, mwana akhale kumbuyo kwa amayi ake.

Kenako azungulitse tayala lakutsogolo. Zilipo zimene tayalali linamangidwa kuti liziloza kutsogolo kokha. Zimenezo n'zabwino kwa wothamanga, koma pokhota pamafunika kunyamula kutsogolo nthawi iliyonse, ndipo mu msika mudzatopa nazo. Chabwino n'chimene tayala limazungulira mbali zonse, koma lili ndi kabatani kolikhoma mukafika pa mchenga kapena pa miyala.

Aponde buleki, akankhe mwamphamvu, muone ngati matayala onse awiri akumbuyo agwira. Amange malamba n'kuwakoka. Akhale asanu: awiri a m'mapewa, awiri a m'chiuno, mmodzi wa pakati pa miyendo, ndipo chomangira chake chizilira kuti "ke" potseka. Nsalu yong'ambika telala aliyense asoka, koma chomangira chothyoka musachilowetse m'malo ndi mfundo. Ajambulenso kachikalata komatidwa pa chitsulo. Zogulitsidwa ku Britain zimalembedwa EN 1888, umene ndi muyezo wa ku Ulaya, ndipo pamalembedwanso kulemera kwa mwana amene chinganyamule. Zina zimathera pa makilogalamu 15, zina zimafika 22.

Poti akutumiza kale, aikemo machubu awiri apadera, makamaka a tayala la mainchesi 12 okhala ndi valavu yopindika. Pa tayala laling'ono malo amachepa, pampu imavuta kulowa pa valavu yowongoka.

Choipa chake ndikuuzeninso. N'cholemera. Zambiri zimakhala makilogalamu 11 mpaka 13, ndipo wotumiza katundu amalipiritsa pa kulemera ndi kukula. Ngakhale chitapindidwa, chimadya malo. Matayala akumbuyo amachoka pongodina kabatani, zimene zimathandiza mu buti ya galimoto, koma mu minibasi iwalani. Kondakitala adzakuyang'anani ngati mwabwera ndi mbuzi, n'kukulipiritsani mpando wina. Chikuku n'cha ulendo wa ku sikelo, ku tchalitchi, ku golosale, pamene msana watopa. Ulendo wa m'tauni mbereko ikadali mfumu.

Funso: Bambo mmisiri, ndinagula cha matayala atatu pa kaunjika, chooneka chatsopano. Ndimakhala ku Chilomoni, ndipo mukudziwa zitunda za kuno. Ndikamatsetsereka tayala lakutsogolo limanjenjemera kwambiri, komanso chikuku chimakokera kumanzere. Kodi ndagula chakufa?

Yankho: Achimwene, mwina ayi. Tiyambe ndi zosalira ndalama.

Kukokera mbali imodzi, kawirikawiri mlandu umakhala wa mpweya. Tayala lakumbuyo lakumanzere likakhala lofewa kuposa lakumanja, chikuku chimakhotera komweko. Finyani onse awiri ndi chala, kapena yezani ndi pampu yokhala ndi geji. Mlingo wake unalembedwa m'mbali mwa tayala, uwerengeni. Mukalinganiza mpweya koma chikukokabe, khomani tayala lakutsogolo n'kukankha chikuku chopanda mwana pa simenti. Zambiri zili ndi kachitsulo kopotokola pafupi ndi foloko (chitsulo cha mphanda chogwira tayala lakutsogolo), kowongolera kumene tayala likuloza. Potokolani pang'ono, kankhaninso, mpaka chiziyenda chowongoka. Zikakanika zonsezi, imani kutsogolo kwake, tsinzinani diso limodzi, muone ngati foloko kapena felemu inapindika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: zinthu za pa kaunjika zimafika zitapanikizidwa ndi katundu wina, nsalu n'kukhala yowala koma chitsulo chitakhota. Felemu zambiri ndi za aluminiyamu. Ikasweka musapite nayo kwa owotcherera zitseko ndi mawindo, makina awo ndi a chitsulo wamba.

Kunjenjemera kuli ndi zifukwa ziwiri. Tayala lozungulira mbali zonse limachita zimenezo likathamanga, ngati tolole ya m'shopu ija, ndiye pa chitunda muzilikhoma nthawi zonse. Ngati likunjenjemera ngakhale mutakhoma, nyamulani kutsogolo, gwirani tayala, ligwedezeni kumanzere ndi kumanja. Likamachita "gwede gwede", mwina nati yamasuka, mwina maberingi atha. Chotsani tayala. Musadabwe kupeza tsitsi, ulusi ndi timapepala ta jumbo zitakulungana pa ekiselo. Ndinatsegulapo china chimene mwini wake ankati chafa, ndinachotsamo mesh wokwana kuluka mutu wa chidole, chinayenda ngati chatsopano. Beringi ikamalira ngati muli mchenga, werengani nambala yolembedwa pa mphira wake, monga 6000 kapena 6001, mupite nayo kwa ogulitsa zipangizo za njinga zamoto. Oyilo wakuda wochoka mu injini musathiremo, amaitana fumbi n'kusanduka phala lopera chitsulo. Girisi pang'ono m'kati, kunja pukutani pauma.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchione lero lomwe. Ngati tayala lakutsogolo limamangidwa ndi kachogwirira kopinda, kaja amati quick release pa njinga zamapiri, dziwani kuti sikamangidwa pongozungulitsa ngati nati. Mumalimbitsa kanati ka mbali inayo, kenako mumapinda kachogwirirako mwamphamvu mpaka kasiye chizindikiro m'chikhatho. Kakapindika mofewa, tayala lingathe kuchoka mukuyenda, foloko n'kuzika pansi, chikuku n'kugudubuzika. Si nthano iyi. Mu 2018 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, CPSC, linasumira kampani ya Britax pa nkhani yomweyi ya zikuku zake zotchedwa BOB, anthu ambiri atadandaula kuti tayala lakutsogolo linachoka. Musanaike mwana, nyamulani kutsogolo n'kumenya tayala ndi chikhatho kuchokera pamwamba. Lisasunthe.

Ndipo poti muli ku Chilomoni: buleki yoponda ndi phazi ndi yoimikira, si yochepetsera liwiro. Mukaiponda chikuyenda mumabenthula mano ake apulasitiki. Zina zili ndi buleki ya dzanja ngati ya njinga, imeneyo ndiyo ya pa chitunda. Kalamba kolendewera pa chogwirira kaja si kokoleka makiyi, n'kolowetsa pa mkono wanu. Matayala aakulu opopa amagubuduka mosavuta, ubwino wake ndi womwewo, ngozi yake ndi yomweyo. Mukapunthwa n'kutaya chogwirira, simuchipezanso ndi liwiro la miyendo. Ngati kalambako kanaduka, sokani kena ka lamba wolimba wa chikwama.

Funso: Amisiri, matayala a chikuku changa amangophwa, sabata iliyonse ndili kwa omata machubu. Komanso ndimafunditsa chitenje pamwamba kuti mwana asapse ndi dzuwa, apongozi akuti ndisiye. Ndine mayi wa ku Mzuzu.

Yankho: Mayi, apongozi anu amvereni. Chitenje chikaphimba chikuku chonse mphepo simalowa, m'kati mumatentha kuposa kunja, ndipo mwanayo simukumuona. M'mwezi wa Okutobala zimenezi n'zoopsa ngakhale ku Mzuzu kozizirako. Tambasulani kadenga kake, ndipo ngati dzuwa likulowa cham'mbali, kolekani nsalu mbali imodzi yokhayo, kwina kukhale kotsegula. Madzulo neti yoteteza udzudzu ndiyo yoyenera, imalowetsa mpweya.

Za kuphwa: tayala likamaphwa sabata iliyonse, nthawi zambiri munga ukadali m'tayala. Womata amamata chubu, n'kuibwezera pa munga womwewo. Muuzeni avule tayala lonse ayendetse zala m'kati mwake pang'onopang'ono. Aonenso kalamba kamphira kophimba mitu ya masipoko pa limu. Kakaduka, sipoko imaboola chubu kuchokera m'kati, ndipo chibowo chimakhala mbali yoyang'ana ku limu. Chidutswa cha chubu yakale chimalowa m'malo mwake bwinobwino. Mukaona tizibowo tiwiri toyandikana, ndiye kuti mumayenda ndi mpweya wochepa, limu likutsina chubu pa miyala. Gulani kapampu kanu ka njinga, muzipopa kunyumba. Ku filing'i siteshoni musapite nacho. Makina awo ndi a matayala a galimoto, kachubu ka mainchesi 12 kamadzaza m'kamphindi, ndipo limu lapulasitiki limatha kung'aluka musanachotse n'komwe paipi.