Guard, protect kapena defend: mlonda alembe liti pa kalata yofunsira ntchito?

Bambo ena a ku Chirimba mumzinda wa Blantyre andilembera imelo. Akuti akhala akulonda nyumba yosungiramo katundu kwa zaka zambiri, ndipo tsopano akufunsira ntchito ku kampani ina ya zachitetezo. M'kalata yawo analemba kuti "I was protecting the warehouse", koma mphwawo wa folomu 4 wawauza kuti asinthe, alembe "guarding". Funso lawo ndi lakuti: "Kodi mawu awiriwa si amodzi? Nanga defend ndi guardian amalowa pati?"

Bambo, mphwanuyo wakulangizani bwino. Lembani kuti "I guarded the warehouse at night", kapena "I worked as a security guard". Liwu lakuti watchman limamveka ndithu, koma makampani akamalengeza ntchito masiku ano amalemba security guard kapena security officer, choncho tsatirani kalembedwe kawo. Musamalenso ndi zilembo zake: u amabwera a asanabwere, ndipo satchulidwa n'komwe. Anthu ambiri amalemba "gaurd", ndipo wowerenga makalata ofunsira ntchito amaona msanga cholakwika chimenechi.

Kusiyana kwa mawu awiriwa mukukudziwa kale, chifukwa ife timasiyanitsa kulonda ndi kuteteza. Ganizani za usiku umodzi wa ntchito yanu. Mwafika dzuwa litalowa, mwavala jekete, tochi ili m'manja, wezulo ili m'khosi. Mwazungulira mpanda, mwagwedeza loko aliyense kuti muone ngati wakhomedwa, mwalemba m'buku nambala ya lole yomwe yatuluka mochedwa. Kunja kwacha popanda ngakhale galu wodutsa. Mwalonda, ndipo m'Chingelezi mwachita guard. Liwuli limanena za ntchito yooneka ndi maso, ya munthu amene ali pamalopo, maso ali tcheru, kaya wakuba abwere kaya asabwere.

Protect limayang'ana kwina. Limanena za choopsa ndi za chinthu chimene chapulumuka ku choopsacho, ndipo silifuna kuti pakhale munthu woimirira. Neti imateteza mwana ku udzudzu, katemera amateteza ku chikuku, lamulo limateteza ana. Zonsezi ndi protect, monga m'dzina la lamulo lathu la 2010, Child Care, Protection and Justice Act. N'chifukwa chake liwuli limakonda kuyenda ndi from kapena against, kuti choopsacho chitchulidwe: "protect the child from malaria". Chiganizo chanu choyamba sichinali cholakwika pa galamala ayi. Kungoti bwana wowerenga kalata akufuna kudziwa ntchito imene munkagwira, ndipo protect silimuuza ngati munali pa geti, kapena munangoika waya wamagetsi pa mpanda n'kupita kukagona kwanu.

Pali malo amodzi pamene mawu awiriwa amasiyaniranatu, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene munthu amawamvetsa bwino. Wakuba wagwidwa mumsika, anthu amuzinga ndi miyala, ena akukuwa kuti atenthedwe. Wapolisi waima pakati, wamukokera m'galimoto. Pamenepo "he is protecting the suspect". Afika kupolisi, amutsekera m'chitokosi, wapolisi wina wakhala pakhomo kuti asathawe. Pamenepo "he is guarding the suspect". Munthu ndi yemweyo, tsiku ndi lomwelo. Choncho guard akhoza kukhala kulonda kuti akunja asalowe, kapena kulonda kuti wam'kati asatuluke, pomwe protect nthawi zonse amakomera amene akutetezedwayo. Palinso guard against, lomwe limatanthauza kusamala pasadakhale kuti choipa chisachitike, monga "guard against fire".

Mbiri ya mawuwa imathandiza kuwakumbukira. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy, chigawo cha dziko la France, anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinali chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi kubwalo lamilandu. Guard anachokera ku liwu la Chifalansa lakuti garder, koma Afalansawo anali atalibwereka kale ku zilankhulo za Chijeremani, ku muzu womwewo umene unabala liwu la Chingelezi lakuti ward, kuyang'anira. Anthu a ku Normandy ankalitchula ndi w, a chigawo cha Paris ankalitchula ndi g, ndipo Chingelezi chinalandira onse awiri. Ndiye chifukwa chake lero pali warden ndi guardian, palinso warranty ndi guarantee. Protect anachokera ku Chilatini, protegere, kuphimba chinthu chakutsogolo kwake. Guard amayang'anira ndi maso, protect amaphimba.

Ife Amalawi liwu la protect tili nalo m'mbiri yathu. Mu 1891 boma la Britain linalengeza kuti dziko lino ndi protectorate, mu 1907 linalitcha Nyasaland Protectorate, ndipo dzinali linakhala mpaka pamene tinalandira ufulu mu 1964. Pa pepala, tinali anthu otetezedwa. Pansi pano makolo athu ankalipira msonkho wa nyumba ndi kugwira thangata m'minda ya azungu. Ndimatchula zimenezi chifukwa liwuli limaika woteteza pamwamba ndi wotetezedwa pansi, ndipo munthu akamalonjeza kukutetezani ndi bwino kufunsa kuti akutetezani kwa yani komanso pamtengo wanji.

Defend ndi losavuta. Limabwera pamene nkhondo yayamba kapena ikuyembekezeka, mdani akudziwika. Asilikali athu ndi Malawi Defence Force, pa mpira otchinga kumbuyo ndi ma defender, kukhoti loya amachita defend munthu woimbidwa mlandu, yemwe amatchedwa defendant. Ngati tsiku lina achifwamba anakulowererani ndi zikwanje inu n'kulimbana nawo, mukhoza kunena kuti "I defended myself". Pa kalata musalembe kuti "I defended the warehouse for many years", chifukwa zingamveke ngati kunali nkhondo usiku uliwonse. Kuno timatsata kalembedwe ka ku Britain, defence ndi c, pomwe ku America amalemba defense.

Mawu ena awiri angakometse kalata yanu. Patrol ndi kuzungulira kuja, ndipo secure ndi kukhoma zitseko ndi mageti n'kutsimikiza kuti zonse zili m'malo. "I patrolled and secured the premises" ndi chiganizo chachifupi chonena zambiri.

Tsopano guardian, lomwe limasokoneza anthu athu kuposa onse. Silitanthauza mlonda. Pa mafomu a sukulu mumaona "parent or guardian", kutanthauza kholo kapena munthu amene akulera mwana m'malo mwa kholo. Koma kuno liwuli tinalipatsa ntchito ina. M'zipatala zathu gadiyani ndi wachibale wodwazika matenda, uja amagona pa chitenje pafupi ndi bedi, kuphika phala kumalo ophikira a magadiyani, kuchapa zovala za wodwala ndi kuthamangira namwino diripi ikatha. Ntchito imeneyi ndi yolemetsa ndipo ndi yoyenera ulemu. Koma ku Britain, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba, guardian ndi udindo wa mwalamulo, makamaka wa munthu wopatsidwa mphamvu zolera mwana amene si wake. Munthu akalemba kuti "I was my mother's guardian in hospital", wowerenga kumeneko angaganize za makhoti ndi zikalata, osadziwa kuti mwiniyo akunena za kusambitsa ndi kudyetsa mayi ake. Luso lenileni limene bwanayo akufuna latayika chifukwa cha liwu limodzi. Alembe kuti "I cared for my mother in hospital", kapena adzitche carer.

Ngati mphwanuyo kapena mwana wina wa pakhomo panu adzafunsire ntchito yotereyi, kapena ya m'mabungwe othandiza ana, adzakumananso ndi liwu lakuti safeguarding. Ku England lili m'lamulo la Care Act la 2014. Silikhudza geti kapena loko. Limatanthauza udindo wozindikira zizindikiro za nkhanza kapena kunyalanyazidwa kwa mwana kapena wamkulu wosatha kudziteteza, kulemba zimene waona, ndi kukanena msanga kwa woyang'anira. Pa mayeso olowera ntchito akafunsa za safeguarding, yankho limene akufuna ndi lakuti ukaona chilonda chosadziwika bwino pa dzanja la gogo, ukanena kwa yani ndiponso nthawi yanji.