Mwana wanga amaimba matebulo koma satha kuchulukitsa

Funso: Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 3. Matebulo amawaimba bwino kuchokera pa 2 mpaka pa 6, koma ndikamufunsa mwadzidzidzi yankho la 4 kuchulukitsa ndi 6, amayamba nyimbo yonse kuchokera pachiyambi, ndipo akasokonezeka pakati amangoti chete. Ine ndimagulitsa tomato pamsika. Kodi ndingamuthandize bwanji?
Mayi wa ku Bvumbwe, Thyolo

Yankho: Mayi, mwana wanu nzeru ali nazo ndithu. Chimene chachitika n'chakuti waloweza nyimbo asanadziwe chimene nyimboyo ikunena, ndipo zimenezi zimachitikira ana ambiri m'makalasi odzaza, momwe mphunzitsi sangathe kufikira mwana aliyense payekha koma kuwaimbitsa onse pamodzi. Kuchulukitsa ndi kuwerengera zinthu zimene zaikidwa m'magulu ofanana, ndipo ntchito imeneyi inu mumaigwira tsiku lililonse pamsika.

Muyambire pa tomato wanu yemweyo. Mwanayo aike milu inayi ya tomato, mulu uliwonse ukhale ndi tomato 6, kenako apeze kuti tomato yense ndi angati. Poyamba adzawerenga mmodzimmodzi, ndipo musamuletse. Akazolowera, muzimulimbikitsa kuwerenga modumpha, mulu ndi mulu: 6, 12, 18, 24. Cholembera chibwere pambuyo pake, kuti pamene akulemba 4 × 6 = 24 m'kope, azidziwa kuti 4 ndi milu ija ndipo 6 ndi tomato wa pamulu uliwonse. Ngati mukuopa kuti katundu aphwanyika, miyala, njere za nandolo kapena zitsekerero za mabotolo zimagwira ntchito yomweyo.

Chachiwiri, chimene ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse, ndi mizere. Ndandalikani zitsekerero pa lichero m'mizere itatu, mzere uliwonse zitsekerero 5, monga momwe tiyi amabzalidwira m'minda ya kwanuko. Mwana akapeza 15, zungulizani lichero pang'ono kuti aone mizere isanu ya zitsekerero zitatuzitatu, ndipo mumufunse ngati zawonjezeka kapena zachepa. Akadzionera yekha kuti 3 × 5 ndi 5 × 3 yankho lake n'limodzi, katundu wa m'mutu mwake amapepuka kwambiri, chifukwa mayankho 100 a m'matebulo a 1 mpaka 10 amatsala 55 okha. Mukachotsapo matebulo osavuta a 1, 2, 5 ndi 10, amene ayenera kukhala oyamba kuphunzira, ofunika khama amatsala 21.

Ngakhale otsalawo mwana angathe kuwapeza pogwiritsa ntchito zimene akudziwa kale. Akaiwala 7 × 8, aigawe milu isanu ndi iwiriyo pawiri: milu isanu ya 8 ndi 40, milu iwiri ya 8 ndi 16, ndipo akaphatikiza apeza 56. Tebulo la 4 ndi la 2 lowirikiza kawiri, pamene la 9 limapezeka pochotsa mulu umodzi pa milu khumi. Za 0 musavutike kufotokoza zambiri; ikani mbale zinayi zopanda kanthu ndipo mumufunse kuti muli tomato angati.

Sindikunena kuti matebulo atayidwe ayi. Akadzafika pa masamu a kugawa ndi a nambala zikuluzikulu, mpaka mayeso a MANEB a Sitandade 8, adzafunika kuyankha mosachedwa. Nyimbo ipitirire, koma muzimufunsa modumphadumpha, mafunso ochepa patsiku, mwina pamene mukuphika kapena mukumanga katundu wa kumsika. Akalakwa musamukalipire kapena kumuuza yankho, chifukwa mwana wamantha amangolota nambala. Mumupatse zitsekerero apeze yekha pamene palakwika. Muonanenso ndi aphunzitsi ake kuti akuuzeni tebulo limene ali nalo m'kalasi teremu ino, kuti zakunyumba ziziyendera limodzi ndi zakusukulu.