Malipiro a travel nurse ku America: zotsala m'thumba ndi zingati?

Mayi wina wa ku Zomba wafunsa kuti: "Mwana wanga ali chaka chachitatu cha unamwino ku KUHeS. Waona pa Facebook kuti ma travel nurse ku America amalandira madola 2,000 pa sabata, ndiye akuti akangomaliza ulendo ndi wa komweko. Kodi ndalamazi n'zoona?"

Mayi, ndalamazo zilipodi, koma si zonse zimene zimafika m'thumba. Travel nurse ndi namwino wolembedwa ndi ejensi (kampani yopezera anthu ntchito) n'kutumizidwa kuchipatala chimene anamwino akuperewera, kawirikawiri kwa masabata 13, akugwira mashifiti atatu a maola 12 pa sabata.

Chiwerengero chimene amalengezacho amaphatikiza ndalama za mitundu iwiri. Tingoyerekeza ndi madola 2,000 omwewo. Malipiro enieni akhoza kukhala madola 20 pa ola, kwa maola 36 n'kukwana madola 720. Apa m'pamene amadula msonkho wa boma lalikulu, 7.65 peresenti ya Social Security ndi Medicare (thumba la boma la penshoni ndi la chithandizo cha kuchipatala cha okalamba), komanso msonkho wa dera limene akugwirako ntchito. Ku Texas ndi ku Florida wa derawu kulibe, ku California ndi wokwera. Madola 1,280 otsalawo ndi alawansi ya nyumba ndi chakudya, imene eni ake amati stipend. Iyi sadulapo msonkho, ndipo malire ake amatengera mitengo imene bungwe la boma la GSA limaikira mzinda uliwonse.

Pa alawansi pomwepa m'pamene ambiri amapusitsika. Bungwe lotolera misonkho la IRS limaikhululukira msonkho pokhapokha ngati namwinoyo ali ndi kwawo kumene akulipirabe nyumba, kwinaku akulipiranso lendi kumene watumizidwa. Wopanda nyumba yokhazikika amamudula msonkho pa ndalama yonse, chimodzimodzinso amene wakhala pamalo amodzi kupitirira chaka. Choncho alawansiyo imafika ili ndi mwini wake kale: lendi ya nyumba yokhala ndi mipando yomwe, ya miyezi itatu yokha, ndipo ku San Francisco kapena ku Boston lendi yotereyi si yamasewera. Onjezanipo galimoto, inshuwalansi ya kuchipatala, ndi masabata a pakati pa kontrakiti ina ndi inzake, pamene sipalowa ngakhale tambala. Chipatala chikhozanso kuthetsa kontrakiti isanathe. Akafuna ngongole ya nyumba, mabanki ambiri amayang'ana madola 720 aja, alawansi saiwerengera.

Dziwaninso kuti nkhani zambiri za ndalama zankhaninkhani n'za nthawi ya Covid-19, mu 2020 ndi 2021. Kuyambira 2022 malipirowo anatsika.

Koma chachikulu kwa mwana wanu n'chakuti iyi si ntchito yoyambira. Maejensi amafuna munthu amene wagwirapo kale chaka chimodzi kapena ziwiri m'chigawo chimodzi, monga ICU (wodi ya odwala kwambiri), chifukwa akafika pachipatala chachilendo amangomuonetsa malo tsiku limodzi kapena awiri, basi odwala ndi ake. Amalize kaye digiri, alembetse ku Nurses and Midwives Council of Malawi, agwire ntchito m'mawodi kuno. Kenako mapepala ake akaunikidwe ndi bungwe la ku America la TruMerit (kale linkatchedwa CGFNS), akhoze mayeso a Chingerezi monga IELTS ndi mayeso a unamwino a ku America otchedwa NCLEX-RN, apeze satifiketi ya VisaScreen yotsimikizira kuti mapepala ake ndi okwanira kuti apemphe visa, ndiye adikire visa ya EB-3 (yokakhala ndi kugwira ntchito ku America), imene imatha kutenga zaka. Kampani yomutengera kumeneko nthawi zambiri imamumanga ndi kontrakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo akachoka msanga pamakhala chindapusa chachikulu. Ntchito ya travel nurse imabwera zimenezi zitatha.

Tsiku limene adzapatsidwe kontrakiti, adzapemphe kuti amulembere padera malipiro a pa ola, alawansi, maola amene adzalipidwe ngakhale shifiti itafafanizidwa, ndi ndalama imene adzabweze akachoka nthawi isanakwane. Ejensi yokana kulemba zimenezi aisiye.