Za yureya ndi chakudya chimene chili m'njere ya mpunga

Bambo wina amene amalima mpunga wa Kilombero ku sikimu ya Wovwe ku Karonga wanditumizira imelo. Akufunsa ngati kuwonjezera yureya kungachititse mpunga wake kukhala wopatsa thanzi kwambiri kwa ana, kapena kumangochulutsa matumba.

Bambo, kumawonjezeradi, koma pang'ono, ndipo zimatengera nthawi yothirira. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndipo mbewu imapangira mapuloteni nayitirojeniyo. Mukathira mutangowokera, mphamvu yambiri imathera ku masamba ndi kuphukira. Mukagawa yureyayo, wina n'kuthira ngala zikuyamba kupangika, gawo lalikulu limakafika m'njere. Mpunga wopuntha umakhala ndi mapuloteni pafupifupi 7 pa 100 alionse. Feteleza wa nthawi yake amakwezako, komanso njere zimalimba, siziswekasweka kuchigayo. Wogula wa ku Lilongwe amakonda zimenezo.

Koma Kilombero ndi Faya ndi mitundu yaitali msinkhu. Mukaichulutsira yureya imabiriwira mosangalatsa maso, kenako imagwa m'madzi mphepo ikangowomba, ngala n'kuwola, matenda a chiwawu cha masamba n'kupezerapo mpata. Mitundu yaifupi ngati Pussa imapirira feteleza wambiri. Palinso nkhani ya mumphika: mpunga wa mapuloteni ochuluka ukapsa umalimbirako, pomwe anthu amalipira mtengo wokwera pa Kilombero chifukwa cha kufewa ndi fungo lake. Ine sindingaike zimenezo pachiswe.

Za ayironi ndi zinki, michere ina yofunika m'thupi, musadalire yureya. Zinki imatengera nthaka, ndipo m'munda wokhala ndi madzi nthawi yaitali mizu imavutika kuyamwa. N'chifukwa chake feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1Zn, amene ali ndi zinki, ali ndi phindu lake. Chotaya chakudya kwambiri ndi chigayo. Pofuna mpunga woyera mbuu, timachotsa gaga amene muli vitamini B1, mafuta ndi mbali ina ya ayironi, n'kukapatsa nkhuku.

Choncho mpunga wogulitsa upunthitseni mmene msika ukufunira, koma wa ana uzani wachigayo asauyeretse kwambiri, ndipo muziuphikira nyemba, nandolo kapena usipa, poti mapuloteni a mpunga paokha ndi operewera. Mulingo wa yureya pa munda wanu mukambirane ndi alangizi a pasikimupo, amene akuidziwa nthakayo.